Yankho: kusiyitsa mwana mkaka wa m'chitini n'kumuyambitsa wa ng'ombe

Mayi a ku Dedza, funso lanu ndaliona. Mwati mwana wanu wakwanitsa chaka ndi mwezi umodzi, wakhala akumwa mkaka wa m'chitini chifukwa bere anasiya kale, chitini chakwera mtengo, ndipo pafupi ndi kwanu pali mlimi amene amakama ng'ombe m'mawa uliwonse. Mukufuna kudziwa ngati mungamupatse mkaka wa ng'ombewo, komanso muyambe bwanji.

Inde, n'zotheka. Mwana amene wakwanitsa miyezi 12, akudya bwino phala ndi nsima, ndipo ku sikelo akukwera bwino, safunikiranso mkaka wa m'chitini, ngakhale uja amalembapo kuti ndi wa ana a chaka chimodzi kupita m'tsogolo. Musadziimbe mlandu kuti mukumumana kanthu. Koma mumvetse ichi musanayambe: m'chitini muja anathiramo ayironi, mchere uja umathandiza kupanga magazi, pamene mu mkaka wa ng'ombe ayironi ndi wochepa kwambiri. Ndiye tsiku limene chitini chatha, ntchito yopanga magazi yasamukira m'mbale ya mwana. Ambiri amalakwitsa pamenepa. Amangosintha mkaka, mwana n'kumamwabe mabotolo asanu patsiku, chakudya n'kumachikana chifukwa wakhuta mkaka, patapita miyezi ingapo m'manja ndi m'zikope mwayera, ku chipatala n'kuuzidwa kuti magazi achepa.

Choyamba, mkaka wa kwa mlimi musamupatse wosaphitsa, ngakhale mutaona ndi maso anu ukukamidwa. Ng'ombe ikhoza kuoneka yathanzi koma ili ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe kapena matenda a brucellosis, ndipo onsewa amadutsira mu mkaka kulowa mwa munthu. Palinso tizilombo ta kundowe, ta m'manja mwa wokama ndi ta m'chigubu, tomwe timatsegula m'mimba. Musefe pa kansalu koyera, muthire mu poto wotsuka bwino, muike pamoto mukutakasa kuti usapserere pansi. Ukawira n'kuyamba kufufuma, chepetsani moto, uwirebe mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako phulani, vundikirani, uzizire. Mafuta amene amayandama pamwamba aja musataye, takasirani momwemo. Mwana wosakwana zaka 2 amafunika mafuta amenewo kuti akule komanso ubongo wake ukhwime bwino, n'chifukwa chake ngakhale mukugula wa m'sitolo muzisankha wolembedwa full cream, osati low fat kapena skimmed.

Madzi musathiremo. Zosungunula mkaka wa ng'ombe ndi madzi zinali za makanda, wanuyu wapitirira pamenepo. Komanso gulani kwa mlimi amene mukumudziwa, m'mawa atangokama, mutatenga chigubu chanu chotsuka ndi madzi otentha. Mkaka woyenda nawo panjinga tsiku lonse padzuwa, wina amakhala atauonjezera madzi osadziwika kochokera. Mukauika pamoto n'kudukaduka, wayamba kusasa, mwana asamwe.

Kasungidwe ndiye kamavuta kwathu kuno. Ngati muli ndi furiji ndipo magetsi sakuzimazima, mkaka wowiritsa ukhoza kukhala masiku awiri uli wovundikira. Ngati mulibe, gulani wongokwanira tsiku limenelo, theka la lita basi. Muike poto wovundikira m'beseni la madzi ozizira pamthunzi, ndipo wamadzulo muuwiritsenso musanamupatse. Kuzizira kwa Dedza mu June ndi July kumathandizako, koma mu October musadalire zimenezo. Mkaka wofunda musausunge mu fulasiki kuyambira m'mawa mpaka masana, kufunda koteroko ndiye kumene tizilombo timaswana msanga. Wotsala m'kapu mwana atamwako, tayani. Wa m'paketi uja wokhalitsa umakhalitsa usanatsegulidwe. Mukangodula pakona uli ngati mkaka wina uliwonse.

Tsopano kasinthidwe kake. Ana ena amalandira tsiku lomwelo, osavuta. Ena amalavula chifukwa wa m'chitini umatsekemerako. Ngati wanu akukana, pangani chonchi. Konzani wa m'chitini monga mwa nthawi zonse, madzi ndi masipuni ake osasintha muyezo, kenako muusakanize ndi wa ng'ombe wowiritsa. Masiku atatu oyamba, magawo atatu a m'chitini ndi gawo limodzi la ng'ombe: pa kapu ya mamililita 200, ndiye kuti 150 ndi 50. Masiku atatu otsatira, theka ndi theka. Kenako 50 wa m'chitini ndi 150 wa ng'ombe. Pofika tsiku la khumi amakhala akumwa wa ng'ombe wokhawokha. Chimene musachite ndi kuthira ufa wa m'chitini mu mkaka wa ng'ombe m'malo mwa madzi, umakhala wokhathamira kwambiri ndipo umalemetsa impso za mwana. Mupatseni wofunda pang'ono monga anazolowera, yesani kadontho pamkono panu. Shuga musaike pomunyengerera, akazolowera simudzamusiyitsa, ndipo mano ndi amene amavutika.

Muyezo wake patsiku ndi mamililita 400 mpaka 500, musapitirire pamenepo. Ngati mulibe choyezera, botolo lagalasi la Fanta lija ndi mamililita 300, ndiye botolo limodzi ndi theka lakwana tsiku lonse, kuphatikiza umene mwathira m'phala. Mugawe kawiri kapena katatu, ndipo azimwa atadya kale, osati asanadye. Akamva ludzu pakati pa tsiku, madzi owiritsa kapena othira mankhwala ophera tizilombo.

Ino ndi nthawinso yabwino yosiya botolo. Yambani ndi la masana, mulowetse kapu, la usiku likhale lomaliza chifukwa ndi limene amalikonda kwambiri. Kugona ndi botolo kukamwa kumaoletsa mano akutsogolo, ndipo nsonga yake ija imavuta kutsuka, imasunga litsiro. Kapu wamba yaing'ono, mukumugwirira, ndi yokwanira. Adzataya masiku oyamba, musatope naye.

Kumbali ya chakudya ndiye ndikufuna mulimbikire. Mwana wa msinkhu uwu azidya katatu kapena kanayi patsiku, ndi tina tapakati kamodzi kapena kawiri, kuchokera m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja amatiphunzitsa ku sikelo. Phala la ufa woyera la madzimadzi silimuthandiza. Likhale la mgaiwa, lolimbako loti silikuyenderera pa sipuni, muthiremo nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, kapena mumupatse Likuni Phala. Mtedza wa nsinjirowo muzisankha bwino, wachuku ndi wofota muzitaya. Ayironi amupeza mu chiwindi cha nkhuku kamodzi pa sabata, nyama yophwanyaphwanya, usipa kapena matemba osinja, dzira lophika bwino, nyemba zofinya, bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Kwanu kuno kachewere ndi nyemba sizisowa. Kachewere wophika, wokanya pamodzi ndi nyemba ndi kasipuni ka mafuta, ndi chakudya chabwino kwambiri kwa mwana. Akamadya nyemba kapena masamba, pakhale tomato kapena chipatso monga lalanje, gwafa, papaya kapena mango, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironi, choncho mkaka wa mwana usakhale wa mu tiyi ngakhale kunja kukuzizira bwanji.

Tsiku limene wa ng'ombe wasowa, mkaka wa ufa wolembedwa full cream milk powder ulowa m'malo, mutsate muyezo wa pa paketi ndi madzi owiritsa. Koma Cremora ndi zina zoyeretsera tiyi si mkaka, ndi mafuta a zomera ndi shuga, mwana sangakule nazo. Condensed milk, maheu ndi timajuwisi tamkaka totsekemera nazonso sizilowa m'malo. Chambiko cha m'paketi chosathira shuga angadye ndithu. Wa mbuzi ngati ulipo, malamulo ndi omwewo: wiritsani, muyezo womwewo.

Chimbudzi chikhoza kusintha masiku oyamba, kulimbako kapena kufewako. Akadzimbidwa, kawirikawiri mkaka wachuluka. Chepetsani, onjezani madzi, papaya ndi masamba. Akamatupa mimba, kutulutsa mpweya kwambiri ndi kutsegula m'mimba akangomwa, bwererani pa muyezo umene unamuyanja, mudikire masiku angapo. Izi zimachitika makamaka ngati wangochira kumene kutsegula m'mimba, matumbo amakhala asanayambe kugaya bwino shuga wa mu mkaka, ndiye musayambe kusintha mwana akudwala. Akatsegula m'mimba katatu kapena kupitirira patsiku, yambani Thanzi ORS, pitirizani kumudyetsa, mupite naye ku chipatala akalandirenso zinc.

Zizindikiro izi zokha musadikire nazo kuti kuche: kutupa milomo, maso kapena nkhope, zidzolo zotuluka thupi lonse atangomwa, kusanza mobwerezabwereza, kupuma mobanika, magazi m'chimbudzi, kapena kufooka mpaka kukana kumwa. Siyani mkakawo nthawi yomweyo, thamangani naye ku chipatala chapafupi. Mkaka wa m'chitini wamba umapangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe womwewo, ndiye mwana amene wakhala akumwa popanda vuto sizichitikachitika kuti wa ng'ombe umuwenge. Koma ngati chitini chimene akumwacho ndi chapadera, cholemberedwa ndi dokotala, kapena mwana anabadwa masiku asanakwane, kapena mzere wake m'buku la sikelo waima kaya ukutsika, musasinthe nokha. Tengani bukulo mukaonane ndi alangizi a zaumoyo kapena anamwino kaye.

Mukapita ku sikelo mwezi uno, auzeni kuti mwasintha mkaka, amuyeze, aonenso m'manja ndi m'zikope. Mufunsenso ngati walandira vitamini A ndi mankhwala a njoka zam'mimba, poti akakwanitsa chaka amayamba kulandira a njoka miyezi 6 iliyonse, ndipo njokazo nazo zimamaliza magazi.