Kodi nditenge ngongole ya K300,000 kuti ndikuze geni yanga ya zodzoladzola?

Kalata ya sabata ino yabwera pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Amagulitsa mafuta odzola, gilisalini, ma roll-on ndi timabotolo ta pafyumu pakhomo pawo. Makasitomala awo ndi aneba, anzawo a kumvano, ndi ena amene amaona zithunzi pa WhatsApp. Mpamba wawo uli cha m'ma K150,000, ndipo pa masabata awiri amagulitsa katundu wa K100,000. Amayi a m'dera lawo awaitana kuti alowe m'gulu lokatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndipo iwo akuganiza zotenga K300,000. Akufunsa kuti, "Kodi ndalamayi ndi yokwanira, nanga ndikapikule chiyani kuti ndibweze mosavuta?"

Mayi, zikomo potilembera. Ngongole zing'onozing'onozi zakweza amayi ambiri, ndipo si zachilendo kuno. FINCA inayamba ntchito m'Malawi mu 1994, MicroLoan Foundation inayambira ku Nkhotakota mu 2002 ndipo imabwereketsa amayi m'magulu, kulinso ma SACCO (mabungwe a mamembala osunga ndi kubwereketsana ndalama) ndi mabanki m'khonde m'madera ambiri. Koma zodzoladzola zili ndi khalidwe lake. Tomato ndi mandasi zimatha tsiku lomwelo, ndalama n'kulowa m'thumba madzulo. Botolo la loshoni limakhala pa shelefu sabata zitatu, ndipo likachoka limachoka ndi mawu akuti "ndikupatsani mwezi ukatha." Pomwe ngongole sidikira mwezi kutha. Tsiku la msonkhano wa gulu likakwana, ndalama iyenera kukhala pamphasa. Nkhani yonse yagona pa mawotchi awiriwa, ya ngongole yomwe imathamanga ndi ya katundu wanu yomwe imayenda pang'onopang'ono.

Tiyambe ndi kuwerenga. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, si a bungwe lililonse, ndiye inu muikemo enieni omwe akuuzeni. Tinene kuti mwatenga K300,000 yobweza pa miyezi 4, chiwongoladzanja 5 peresenti pamwezi. Funso loyamba kwa wolemba mafomu likhale lakuti, kodi 5 peresentiyo akuwerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga mwezi uliwonse, kapena pa yomwe yatsala? Ngati ndi pa ndalama yonse, mulipira K15,000 kanayi, yomwe ndi K60,000. Ngati ndi pa yotsala, ndipo mukubweza K75,000 ya mutu mwezi ndi mwezi, mulipira K15,000, kenako K11,250, K7,500 ndi K3,750, zonse pamodzi K37,500. Pakamwa zonse ziwiri zimatchedwa "5 peresenti", koma zasiyana ndi K22,500.

Chachiwiri, K300,000 ya pa fomu si imene imafika m'manja. Mabungwe ambiri amadula ya mafomu, ya inshulansi, ndipo ena amasunga gawo lina ngati chikole mpaka mutamaliza kubweza. Tiyerekeze K9,000 ya mafomu, K3,000 ya inshulansi ndi K30,000 yosungitsa. Mupita ku Limbe ndi K258,000, koma ngati chiwongoladzanja akuwerengera pa ndalama yonse mubweza K360,000, kutanthauza K45,000 masabata awiri aliwonse, kasanu ndi katatu. Mtengo weniweni wa ngongoleyi ndi K72,000, kapena K9,000 pa ulendo uliwonse wobweza.

Tsopano phindu lanu. Dazeni ya loshoni mwapikula K36,000, botolo limodzi K3,000. Minibasi, kabaza ndi bandulo yotumizira zithunzi ziwonjezerapo ngati K200 pa botolo. Mukagulitsa K4,000, phindu ndi K800, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo. Ndiye pa K100,000 yomwe mumagulitsa pano mumapeza K20,000, ndipo tikukhulupirira kuti imeneyi imathera ndiwo, makala ndi sopo. Mukatenga ngongole ndiwo sizisiya kufunika.

Malonda akakwera kawiri n'kufika K200,000 pa masabata awiri, phindu ndi K40,000. Ya pakhomo ikachoka patsala K20,000, ndipo K25,000 yokwaniritsira K45,000 ija ichokera mu mpamba. Pakutha pa miyezi inayi, akakubwezerani chikole chanu, mudzakhala ndi mpamba wa K238,000. Mwakwera ndithu. Koma malonda akangofika K130,000, muzidula K39,000 mu mpamba ulendo uliwonse, ndipo mudzamaliza ndi K126,000, pansi pa K150,000 yomwe muli nayo lero. Mwabweza ngongole yonse bwinobwino, gulu lakuombererani m'manja, koma shelefu yachepa. Kuti mungobwerera pomwe munali muyenera kugulitsa K145,000 masabata awiri aliwonse osaphonya.

Chifukwa chake funso lenileni ndi lakuti, makasitomala owonjezerawo achokera kuti? Katundu wambiri pa shelefu saitana munthu. Musanasaine chilichonse, tengani mwezi umodzi mukulemba m'kope chinthu chilichonse chomwe munthu wafunsa koma munalibe, dzina lake, kukula kwake ndi mtengo. Ngati mwezi ukutha mwabweza anthu a katundu wa K90,000 kapena kuposa, ngongole ya K300,000 ili ndi poponda. Ngati ndi K40,000 kapena K50,000 chabe, tengani theka. Pa K150,000 zonse zija zimagawika pakati: mubweza K22,500 pa ulendo, ndipo malonda owonjezera a K22,500 masabata awiri aliwonse akwanira kulipira mtengo wa ngongoleyo. Malinga ndi zomwe mwalemba, ife tikadakulangizani theka. Mabungwe ambiri amakweza ndalama yobwereketsa pa ngongole yachiwiri kwa amene wabweza bwino, ndiye simukutaya kanthu.

Pa zopikula, ndalama ya ngongole ipite ku katundu wothamanga yekhayekha: Vaseline ndi mafuta ena a mtundu umenewo, gilisalini, kirimu wa camphor, loshoni ya timabotolo ting'onoting'ono, ma roll-on, mafuta a m'tsitsi, sopo wosambira ndi lip gloss. Phindu lake pa chimodzi ndi lochepa, koma munthu akatha amabweranso. Botolo la 200ml limatuluka msanga kuposa la 400ml ngakhale lalikululo lili lotchipa powerengera, chifukwa anthu amagula molingana ndi ndalama yomwe ili m'manja tsiku limenelo. Foundation ndi paudala ndi msampha. Zimabwera m'mitundu yambiri ya khungu, ndipo mu dazeni yosakaniza mugulitsa itatu kapena inayi yogwirizana ndi anthu a m'dera lanu, yotsalayo ikuyang'anani mpaka itatha mphamvu. Mawigi ndi pafyumu wodula muziitanitsa pokhapokha munthu wapereka theka. Mukalowa m'sitolo ya hoselo ndi ndalama yambiri kuposa masiku onse, maso amafuna chilichonse. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Lembani mndandanda kunyumba, ndipo musapikule ndalama yonse tsiku limodzi. Siyani yokwana kubweza ulendo woyamba pa Mpamba kapena Airtel Money, chifukwa tsiku loyamba kubweza limafika katundu asanayambe kuyenda.

Pafyumu wa mafuta wothira m'timabotolo ndiye amapatsa phindu labwino ngati dzanja lili losamala. Botolo la 100ml limadzaza timabotolo 16 ta 6ml n'kutsala 4ml. Thirani ndi sirinji, fungo lililonse sirinji yakeyake, osati kupendeketsa botolo, chifukwa madontho otayika ndi odzaza mopitirira amadya timabotolo tiwiri mosadziwa. Siyani kamodzi konunkhizitsa anthu. Mukalola aliyense kutsegula togulitsa, mudzagulitsa tosadzaza ndipo mudzakangana ndi makasitomala.

Nyengo nayo muiwerengere. Mu June ndi July, mwera ukamawomba khungu n'kumatuwa ndi kung'aluka, mafuta olimba, gilisalini ndi camphor zimathamanga. Kuyambira September mpaka November kukatentha, ndi nthawi ya ma roll-on ndi pafyumu, komanso maukwati, zinkhoswe ndi ma bridal shower zimachuluka. Sukulu zikamatsegulira, makolo a ana ogonera konko amafuna mafuta ndi sopo zambiri nthawi imodzi. January ndi February ndi miyezi yoipa: ndalama zapita ku fizi, feteleza ndi chimanga, ndipo mafuta odzola ndi oyamba kudulidwa pa bajeti. Ngongole yotenga mu November imakoma mu December n'kuwawa miyezi iwiri yotsatira. Yotenga mu May kapena August imayenda ndi mphepo.

Tidutse mwachangu pa kasungidwe. Pansi pa malata mu October lipisitiki imasungunuka, loshoni imalekana madzi ndi mafuta, ndipo pafyumu wokhala pa windo amasintha fungo. Sungani katundu m'katoni kapena m'bokosi losungira zozizira, pansi, m'chipinda chosawomba dzuwa, ndipo pa windo ikani mabotolo opanda kanthu. Popikula onani tsiku lotha mphamvu, nambala ya batch ndi chomata cha pachivindikiro. Katundu wotchipa modabwitsa, wa zilembo zofufutika kapena dzina lolakwika kalembedwe, musiyeni pomwepo.

Pali katundu wina amene anzanu adzakuuzani kuti ndiye wobwezera ngongole msanga, mafuta oyeretsa khungu. N'zoona amathamanga. Koma ambiri mwa iwo ali ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, omwe ndi ofunika kulemberedwa ndi dokotala. Amapyapyalitsa khungu, amabweretsa ziphuphu ndi mikwingwirima, amasiya mawanga akuda m'masaya ndi m'mfundo za zala, ndipo mercury imawononga impso. Wogulitsa mumsika sadziwika komwe amagona. Inu mumagulitsira pakhomo, ndipo mayi wopsa nkhope adzagogoda pa chitseko chanu anthu a mumzere wonse akuona.

Tsopano pamene amayi ambiri amagwera, kukongoza makasitomala. Geni ya pakhomo singayende popanda kukongoza pang'ono, chifukwa aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'maofesi amalandira kumapeto kwa mwezi. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo dzina lolembedwa m'kope sungalipereke pa msonkhano wa gulu. Ikani malire: ndalama zomwe zili kwa anthu zisapitirire kota ya mpamba wanu. Wotenga pa ngongole apereke theka pomwepo. Wosamaliza yakale asatenge yatsopano, ngakhale akhale mlamu kapena mayi busa. Lembani dzina, katundu, ndalama ndi tsiku lolonjeza, munthuyo akuona, ndipo mukumbutseni pa foni masiku awiri tsikulo lisanafike, osati litadutsa. Mtengo wa pa ngongole ukhale wokwererapo pang'ono kuposa wa kashi, popeza inunso ndalama imeneyo mukulipirira chiwongoladzanja. Ngati bungwe likulola kusankha, pemphani kubweza pamwezi, tsiku la m'sabata yoyamba ya mwezi, osati pa 20 pomwe aliyense ali mbuu.

Chinanso chimene chimadya mpamba mwakachetechete ndi kukwera kwa mitengo. Zodzoladzola zambiri zimachokera kunja, ku South Africa, ku Tanzania kapena ku China, ndiye zimatsatira dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anasangalala kuti katundu watha msanga, koma atabwerera ku hoselo ndalama ya madazeni atatu inagula awiri. Mtengo wanu uziuwerengera pa ndalama yomwe mukapikulire mawa, osati yomwe munapikulira mwezi watha. Imbani foni ku hoselo sabata iliyonse.

Za gululo, dziwani kuti posaina mukuvomera kuti wina akalephera, otsala mudzasonkha. Choncho funsani aliyense geni yake ndi chiyani, ndipo mukaione ndi maso. Mayi amene akutengera ngongole bambo akunyumba kapena wachibale, kapena amene ali kale m'magulu ena awiri, ndiye amathawa. Inunso musatengere wina m'dzina lanu. Funsani ngati bungwelo lili ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabungwe otere pansi pa lamulo la Microfinance Act la 2010. Pemphani pepala losonyeza masiku obweza ndi ndalama yake, chindapusa cha kuchedwa, nthawi yomwe chikole chimabwezedwa, komanso ngati amatsitsa chiwongoladzanja mukabweza msanga. Ndalama iliyonse yomwe mwapereka ikhale ndi lisiti.

Banki m'khonde ndi yabwino pa kangongole ka mwezi umodzi, monga kupikula gilisalini chisanu chikamayamba, ndipo chiwongoladzanja chake chimabwerera kwa inu pogawana kumapeto kwa chaka. Koma magulu ambiri amaika 20 peresenti pamwezi, yomwe ndi yofanana ndi phindu lanu lonse pa botolo, ndiye katundu akakhala miyezi iwiri mwagwirira ntchito gulu. Ulendo wina mukaona kuti K22,500 siikwana, uzani wapampando ndi mlangizi wa bungwe sabata imodzi tsiku lisanafike, gulitsani katundu wogona pa mtengo womwe munapikulira, ndipo tolerani za m'kope khomo ndi khomo. Kwa wakatapila musapiteko, chifukwa K20,000 yotseka dzenje la Lachinayi imasanduka K30,000 kapena K40,000 mwezi ukatha, ndipo pofika nthawi imeneyo gulu likufunanso yake.