Voisi noti kwa asuweni: nkhani ya mjigo ija

Eee, asuweni, ndamva, ndamva. Mwafunsa pa gulupu kuti boma lili ndi mphamvu yanji yokuletsani kukumba mjigo pa ploti yanu, ploti yoti munagula ndi thukuta lanu. Mmm. Inuyo kufunsa za malamulo? Inu amene munkathawa sukulu kukawedza matemba? Ayi, ine ndamva zina. Ndamva zoti alamu atopa kudzuka 2 koloko usiku kukatchera ndowa pampopi, alendi akudandaula, ndiye wokumba mwamupeza kale, mukungofuna ife tisonkhe. Ndanama?

Dikirani kaye. Amalume, bambo anu aang'ono aja, atangochoka kumudzi, paja anafikira kwa ine kuno ku Cape Town. Anapeza ntchito ya m'gadeni ku Constantia, kwa mabwana. Ndiye kunabwera chilala, zaka zitatu mvula yosakwanira. Damu lalikulu la Theewaterskloof linasanduka mchenga, mitengo yakale kuonekera poyera. A khonsolo mu 2017 ananena kuti munthu mmodzi malita 87 patsiku. Kenako mu Januwale... ayi, pa 1 Febuluwale 2018, anatsitsa kufika pa 50. Kusamba, kuphika, kuchapa, kutoileti, zonse mmenemo. Shawa mphindi ziwiri basi. Kuthirira maluwa, kutsuka galimoto ndi madzi apampopi, zoletsedwa. Ankati ikakwana 12 Epulo, Day Zero imeneyo, atseka mipopi, tonse tizikaima pamzere m'malo 200 kulandira malita 25.

Amalume lamuloli analigwira ngati la Mulungu. Ankasamba ataima m'beseni, madzi omwewo achapire ovololo, otsalawo akathire kutoileti. Lamulungu akaweruka kutchalitchi, zigubu m'manja, ulendo wa ku kasupe wa ku Newlands, kukaima pamzere limodzi ndi azungu a magalimoto akuluakulu. Kapu yotsukira mkamwa anailemba mzere ndi penti ya zikhadabo ya mkazi wanga, ukapyola mzerewo mlandu. Ana anga mpaka lero satsegula mpopi akamatsuka mano.

Koma tamverani izi. Lolemba akapita kuntchito, bwana uja anali ndi mjigo wake wamagetsi, chikwangwani pageti chonena kuti madzi athu ndi apansi. Ndiye amalume, munthu wosamba m'beseni, atenge paipi azithirira kapinga, kapinga kubiriwira kuti bii. Zinkawawawa, asuweni. Ankabwera madzulo nsapato zili chonyowa, kukhala pampando osayankhula. Tsiku lina anafunsa bwanayo, mwaulemu ndithu, chipewa chili m'manja, kuti kodi madzi apansiwa amadziwa pamene pathera mpanda wanu? Bwana anangoti ndi mjigo wanga, ndinalipira. Amalume sanatsutse, ntchito inali yosowa. Anangoyamba kuthirira mbandakucha kokha, pang'ono, n'kukwirira maluwa ndi masamba ouma kuti chinyezi chisathawe. Bwana sanazindikire n'komwe.

Day Zero sinafike. Anthu anachepetsadi, alimi anawadulira madzi, mvula inabwera mu Juni. Koma sindikunamizeni, zina zinali zowawa. Anaika mapu pa intaneti oonetsa nyumba zosunga madzi ndi kadontho kobiriwira, aneba kumasuzumirana. Ena anawaikira kachipangizo pa mita kodula madzi akapyola muyezo, pomwe nyumba imodzi mukukhala anthu khumi. Ku Khayelitsha, dera la anthu osauka, anthu ankati malita 50 amenewo ife sitinawafikepo chibadwire. Zoona zimenezo.

Ndiye... ndimati chiyani paja? Eya, inu. Mkwiyo wanu ndikuumvetsa. Munthu kukuuza kuti usakumbe pomwe mpopi wako ukungotulutsa mphepo, bilu n'kumabwerabe, n'zopweteka. Woletsa ayenera kupereka madzi, apo palibe kukambirana. Koma madzi ali pansi pa ploti yanuwo si anu nokha ayi. Mumzere mwanumo muli zimbudzi zokumba zingati? Chanu, cha alendi, cha mayi a zitumbuwa kuseri kwa mpanda. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu opitirira 1,700 kwathu ku Malawiko, ndipo maliro ena munapita nawo nokha. Amene azimwa madziwo si inu nokha, ndi ana a alendi, ndi agogo akabwera kudzaonana ndi dokotala.

Choncho ine ndisonkha, musadandaule. Koma pitani kaye ku National Water Resources Authority, bungwe la boma loona za madzi, lamulo la madzi la 2013 linapereka nkhani ya zilolezo kwa iwowo. Akuuzeni ngati n'zololedwa dera lanulo, aone mtunda wa kuchimbudzi, madzi akatuluka akapimidwe. Ploti ndi yanu, inde, palibe akukulandani. Madziwo ndiye mukugawana ndi anthu oti simunawafunse.

Mwamva, asuweni? Osati mawa ndione chithunzi pa gulupu anyamata ayamba kale kukumba, ndimakudziwani inu. Chikalata kaye, ndalama pambuyo, chifukwa madziwo ndi a mzere wonse. Mundijambulire kuseri kwa nyumbako ndione pamene pali chimbudzi cha alendi, ndipo alamu muwauze andiimbire okha Loweruka, ndikufuna ndimve kwa iwo.