Fayilo ya DLL ikasowa pa kompyuta, musaisake yokha pa intaneti

Mlungu watha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi kashopu kolembera ndi kupulinta makalata. Iwo analemba kuti anagula laputopu ya kaunjika ndipo mnyamata wina anawaikiramo Windows 10 yatsopano, koma akamatsegula pulogalamu yawo yokonzera zithunzi pakutuluka uthenga wa Chingelezi wonena kuti pulogalamuyo singayambe chifukwa MSVCP140.dll sikupezeka. Atafufuza pa Google anapeza webusaiti yopereka fayiloyo ulere, anaitsitsa n'kuiponya mu foda ya System32, momwe Windows imasungira mafayilo ake, ndipo tsopano uthenga uja wasintha, ukungosonyeza nambala yakuti 0xc000007b. Funso lawo linali lakuti kodi kompyutayo yafa, kapena aikenso Windows kachiwiri.

Bambo, kompyuta yanu sinafe, ndipo palibe chifukwa choikiranso Windows. Koma ndiyambe ndafotokoza chimene fayilo imeneyi ili, pakuti munthu akamvetsa zimenezi mankhwala ake amaoneka okha.

DLL ndi chidule cha mawu akuti Dynamic Link Library. Ndi fayilo imene imasunga malangizo ogwiritsidwa ntchito ndi mapulogalamu ambiri nthawi imodzi, monga mmene mjigo wa m'mudzi umakhalira: banja lililonse silikumba chitsime chake, onse amakatunga pamodzi, ndipo mjigowo ukathyoka nyumba zambiri zimagona ndi ludzu ngakhale ndowa zawo zili zabwinobwino. Pulogalamu yanu yokonzera zithunzi ndi ndowa yosabooka, chimene chasowa ndi mjigo. Windows yongoikidwa kumene sibwera ndi mafayilo onse otere, n'chifukwa chake vutoli limakonda kuonekera tsiku lomwe makina achoka kwa wokonza.

Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti dzina la fayiloyo limaulula kwawo. MSVCP140.dll ndi mnzake VCRUNTIME140.dll ndi za gulu la mafayilo othandiza mapulogalamu lotchedwa Microsoft Visual C++ Redistributable la 2015 mpaka 2022. Nambala ikakhala 120, monga MSVCR120.dll, ndiye kuti ndi la 2013. 110 ndi la 2012, ndipo 100 ndi la 2010. Magulu amenewa salowana m'malo, kotero kukhala ndi la 2022 sikuthandiza pulogalamu yakale imene ikufuna la 2010, ndipo musadabwe kapena kuyamba kufufuta mukawapeza angapo atandandalika pa mndandanda wa mapulogalamu anu. Achinyamata okonda magemu amakumana kwambiri ndi d3dx9_43.dll ndi xinput1_3.dll, zomwe ndi za DirectX End-User Runtime ya June 2010. Amene akadali pa Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020, amaona dzina lalitali lija la api-ms-win-crt-runtime-l1-1-0.dll, vuto limene limatha akaika chigamba cha Microsoft chotchedwa KB2999226.

Tsopano tifike pa nambala yanu ya 0xc000007b. Mapulogalamu ndi mafayilo awo alipo a mitundu iwiri, 32-bit ndi 64-bit, ndipo nambalayi nthawi zambiri imatuluka pamene pulogalamu ya 64-bit yapatsidwa fayilo ya 32-bit, kapena ya 32-bit yapatsidwa ya 64-bit. Apa pali msampha umene umakola ngakhale anthu odziwa makompyuta, pakuti maina a mafoda ndi osocheretsa: pa Windows ya 64-bit, foda ya System32 imasunga mafayilo a 64-bit, pamene a 32-bit amakhala mu SysWOW64. Munthu akaona 32 pa dzina la foda amaponyamo fayilo ya 32-bit ali ndi mtima wonse, ndipo ndikukhulupirira kuti n'zimene zinakuchitikirani. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira zaka zapitazo, nditakhala usiku wonse ndikusinthasintha mafayilo pa kompyuta ya mlamu wanga, mpaka tambala kulira uthenga uli pomwepo.

Choyamba, pitani mu System32 mukafufute fayilo imene munaikamo nokha ija, ndipo musakhudze ina iliyonse. Ngati munaikopanso mu foda ya pulogalamuyo, ichotseninso kumeneko, chifukwa Windows imayamba kuyang'ana mu foda ya pulogalamu isanapite kwina. Kenako pitani pa webusaiti ya Microsoft yeniyeni, mutsitse mafayilo oikira gulu la Visual C++ lija, vc_redist.x64.exe (ya 64-bit) ndi vc_redist.x86.exe (ya 32-bit), ndipo muike zonse ziwiri, pakuti makina a 64-bit amayendetsanso mapulogalamu a 32-bit ndipo si nthawi zonse munthu amadziwa mtundu wa pulogalamu yake. Iliyonse sifika 30 MB, choncho bandulo yanu sipwetekeka. Ikakuuzani kuti gululo lilimo kale, sankhani Repair. Mukatero zimitsani kompyuta ndi kuiyatsanso. Ikapitirizabe kukana, chotsani pulogalamu ya zithunziyo ndi kuiikanso, makamaka ngati wokonza uja anangoikopa foda yake kuchoka pa fulashi m'malo moiika mwa dongosolo, chizolowezi chimene chafala kwambiri.

Za mawebusaiti opereka DLL imodziimodzi, ine ndilibe nawo mawu okoma. Simudziwa amene anaikapo fayiloyo, simudziwa ngati anaisintha, ndipo DLL ikatsegulidwa imagwira ntchito ndi mphamvu zonse za pulogalamu imene yaitsegula, kutanthauza kuti vairasi yobisala mmenemo mwailowetsa m'nyumba ndi manja anu. Ngakhale itakhala yoyera, fayilo imodzi imadalira zinzake za gulu lomwelo, kotero mukatseka dzenje ili mawa padzatseguka lina. Popeza inu munaitsitsa kale, yendetsani Full scan mu Windows Security, antivairasi yobwera ndi Windows, musanalowetsenso mafulashi a makasitomala.

Pali nkhani ina yosiyana pang'ono, pamene fayilo ilipo koma yawonongeka, ndipo ndi ya Windows mwini wake. Zizindikiro zake ndi zakuti mapulogalamu angapo osagwirizana akukana kutseguka ndipo maina a mafayilo akusinthasintha. Pamenepo tsegulani Command Prompt, pulogalamu yolembamo malamulo, posankha Run as administrator, ndipo mulembe DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, lamulo limene limakonza nkhokwe imene Windows imatengamo mafayilo abwino; limafuna intaneti ndipo nthawi zina limaoneka ngati laima pa peresenti imodzi kwa nthawi yaitali, koma musalidule. Likatha lembani sfc /scannow, limene limayerekeza mafayilo otetezedwa ndi a m'nkhokwemo n'kubwezeretsa owonongeka. Dziwani kuti sfc sikonza MSVCP140.dll, chifukwa fayiloyi si ya Windows, ndipo ambiri amataya nthawi akubwereza lamuloli pa vuto limene silikulikhudza.

Chimene chimawononga mafayilo kawirikawiri kuno kwathu ndi kuzima kwa magetsi kompyuta ili mkati molemba, makamaka pa nthawi ya Windows Update, ndipo laputopu ya kaunjika yokhala ndi batire lakufa imazima nthawi yomweyo ngati kompyuta ya pa tebulo. Nthawi zina ndi antivairasi imene yagwira fayilo n'kuitsekera, zimene mungazione mu Protection history ya Windows Security. Ngati pulogalamuyo ndi yobedwa, monga zambiri zoyenda m'mafulashi, musathamangire kuimasula fayiloyo. Ndipo mukakonza lero koma mlungu wamawa mafayilo ena n'kuwonongekanso, kayikirani hadi disiki. Musanayendetse lamulo lokonza disiki la chkdsk C: /f mu Command Prompt, onani thanzi la disikiyo ndi pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution kapena Bad, kopani makalata a makasitomala anu onse tsiku lomwelo, musanayese kukonza china chilichonse, chifukwa Windows yatsopano yoikidwa pa disiki yodwala idzawonongeka chimodzimodzi.