Musagule kaye alternator, yezani malo awiri

Achimwene, mwati Corolla yanu ikuonetsa mavoti 12.8 pa batire injini ikulira, batirelo ndi latsopano koma pakangopita masiku ochepa galimoto ikukana kulira m'mawa, ndipo amakaniko akuti mugule alternator ina, chipangizo chomwe chimatchaja batire injini ikamalira. Ndalamazo zisungeni kaye. Nambala imeneyo ikungotiuza kuti moto sukufika wokwanira ku batire, koma sikutiuza kuti ukutayikira pati.

Yezani ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa matemino a batire penipeni, osadalira toyezera tija tobaya poyatsira ndudu chifukwa nthawi zambiri timaphonya. Galimoto ikagona usiku wonse, batire lodzaza limaonetsa 12.6, ndipo likakhala pa 12.2 ndiye kuti latsala pafupifupi theka. Mukaliza injini nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kenako yatsani nyali zakutsogolo ndi fani, mupondeko mafuta mpaka injini izizungulira ka 2000 pa mphindi. Nambala ikakhazikika pamwamba pa 13.5 ndiye kuti alternator ikutchaja. Magalimoto ena atsopanoko ochokera ku Japan, monga Honda Fit ndi ma Vitz ena, kompyuta imatsitsa dala kutchaja batire likadzaza pofuna kusunga mafuta, moti mukhoza kuona 12 ndi kanthu koma mukangoyatsa nyali imalumphira ku 14. Yanuyo ikapanda kulumpha, vuto lilipodi.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amadumphapo. Kumbuyo kwa alternator kuli nati yomwe imagwira waya wonenepa, nthawi zambiri yophimbidwa ndi kalabala. Injini ikulira, nyali zili zoyaka, ikani chingwe chofiira cha multimeter pa natiyo, chakuda mugunditse pa thupi la alternator. Mukapeza 14.2 pamenepo pomwe ku batire kuli 12.8, alternator ilibe mlandu. Ikupanga moto bwinobwino, koma motowo ukuthera m'njira. Mutagula yatsopano ya m'bokosi, mawa lake mudzakankhabe galimoto.

Kuti mupeze potayikirapo, chingwe chimodzi chikhale pa nati ija, china pa mutu wa positive wa batire. Pasamaoneke zoposa 0.3. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa thupi la alternator ndi mutu wa negative, pamenepo pasapose 0.2. Mbali yomwe yachuluka ndi yomwe ili ndi vuto. Kawirikawiri mupeza temino yokutidwa ndi ufa woyera wobiriwirako, kapena yokhwepa yomwe wina anakhomerapo msomali kuti igwire. Mwina ndi waya wa earth wochoka ku injini kupita ku bodi, womwe unachita dzimbiri kapena sunamangidwe bwino atagwira ntchito ya gearbox. Onaninso fyuzi yaikulu yolembedwa ALT m'bokosi la pafupi ndi batire, imakhala ya 100A kapena 120A, ndipo nthawi zina imapserera m'miyendo osaduka. Matemino tsukani ndi madzi ofunda osakaniza soda, mupale mpaka mtovu uwale, mumange zolimba.

Ngati pa alternator pomwepo palinso 12.8, musafulumirebe. Zimitsani injini, mugwire lamba wozunguza alternator. Akakhala wokhwepa, wosalala ngati galasi mkati mwake, kapena wonyowa ndi oyilo, amaterereka pa pule, ndipo mumamumva akulira tswii m'mawa kapena mukadutsa m'madzi. Tembenuzaninso kiyi osaliza injini: kanyali kofiira ka batire pa dashibodi kayenera kuyaka, kenako kuzima injini ikalira. Kakapanda kuyaka n'komwe, pulagi yaing'ono ya pa alternator ndi mawaya ake ziyambe zaonedwa.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tilowe m'kati mwa alternator. Ngakhale apo, sikuti yonse yafa. Makala ake, tizidutswa tokhuza mbali yozungulira ya m'katimo, amatha ndi kuyenda, ndipo wa zamagetsi a galimoto wodziwa ntchito amasintha pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula ina. Regulator, yomwe imalamulira kuchuluka kwa moto, nayo imagulidwa payokha. Ma diode, omwe amalola moto kudutsa mbali imodzi yokha, mukhoza kuwayeza nokha: ikani multimeter pa AC, mugunditse pa batire injini ikulira. Zikafika 0.5 kapena kuposa, diode ina yapsa. Ine pa nkhani yanuyi ndikukayikira kwambiri pamenepa kapena pa earth, chifukwa diode yopsa imachepetsa kutchaja masana, usiku n'kumayamwanso batire galimoto ili chiimire. Imapsa kawirikawiri wina akasemphanitsa mawaya pojampa.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndithu. Wina akati achotse temino injini ikulira kuti aone ngati izime, mukanizeni. Zimenezo zinkachitika pa magalimoto akale opanda kompyuta. Batire ndi lomwe limameza moto ukalumpha mwadzidzidzi, ndiye mukalichotsa mukhoza kuotcha kompyuta ya injini, ndipo mtengo wake udzaposa wa alternator. Samalaninso ndi nati ija, imakhala ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba, sipanala isagunde bodi, komanso malaya akhale kutali ndi lamba.

Mukayeza, lembani pano nambala zitatu: ya batire injini isanalire m'mawa, ya batire injini ikulira nyali zoyaka, ndi ya pa nati ya alternator. Mutiuzenso chaka cha galimotoyo, tikuuzani poyambira kumasula.