Ufa womeretsa mizu unandiliza mu Okutobala

Mayi a ku Chipoka, musanapereke ndalama zanu pa ufa womeretsa mizu umene mukufuna kugulira maluwa anu a bougainvillea, mundimvere kaye, chifukwa ine ufa umenewu unandiliza chaka chatha ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira.

Ndili ndi kanazale kuno ku Salima, ndipo mwini malo ena ogona alendo ku Senga Bay anandipempha kuti ndimukonzere mbande 300 za bougainvillea zoti adzabzale mvula ikagwa, n'kundipatsiratu theka la ndalama. Pofuna kuti zonse zigwire, ndinapita kumsika kwa bambo wina wogulitsa mbewu ndi mankhwala a kudimba, amene ananditapira ufa woyera ndi supuni kuchokera m'chitini chopanda dzina n'kuumanga m'kajumbo. Anati ndi Seradix, dzina la ufa womeretsa mizu wa kufakitale, ndipo anandilangiza kuti ndipake wambiri kuti mizu ituluke msanga. Pa nthawiyo sindinkadziwa kuti Seradix alipo wa mitundu itatu, nambala 1 wa nthambi zanthete, nambala 2 wa zokhwimirako ndi nambala 3 wa zokhwimitsitsa, komanso kuti mankhwala omeretsa mizu otchedwa IBA amene ali m'katimo amakwera kuchoka pa 0.1 peresenti kufika pa 0.3 mpaka 0.8. Ine ndinadula nsonga zanthete, ndinazimata ufa ngati ndikupaka laimu pakhoma, ndinazizika m'machubu a dothi lakuda la kudambo, ndipo ndinaphimba zonse ndi pulasitiki pamalo pamene dzuwa la masana limafika. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya.

Patatha masabata atatu ndinavundukula pulasitiki ija kuti ndione mizu. Fungo limene linandilandira linali ngati la chinangwa choviikidwa chimene chakhalitsa m'madzi. Ndinazula kanthambi koyamba, ndipo kunsi kwake kunali bii, khungwa likusendeka lokha m'zala zanga, kopanda ngakhale kamuzu kamodzi. Ndinazula kachiwiri, kachitatu, kenaka mzere wonse, manja akunjenjemera. Mwana wanga wamkazi ndiye anapitiriza kuwerenga pamene ine ndinali nditakhala pansi pambali pa kheni, ndipo anapeza zamoyo 11 zokha. Ndalama za eni ake ndinali nditadya kale pogula machubu ndi kulipira mnyamata wotunga madzi, choncho ndinagulitsa mbuzi kuti ndibweze.

Nditabwerera kwa bambo uja ndi kajumbo kake m'manja, anandiyankha pamaso pa anthu kuti sanandionepo, kenaka anasintha n'kunena kuti ndine wosadziwa ulimi. Munthu amene akudziwa kuti ufa wake ulibe dzina, nambala kapena tsiku lothera mphamvu, koma n'kumauza anthu osauka kuti apake wambiri, ameneyo ndi wakuba ndithu, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti chitini chija chikadali pabenchi pake.

Komabe ufawo gulani, Mayi, koma ukhale wotsekedwa kufakitale, wolembedwa nambala yake. Kunena zoona, ngakhale ndikanapeza weniweni, dothi losunga madzi lija ndi kutentha kwa Okutobala pansi pa pulasitiki zikanaphikabe nthambi zanga. Ufa si feteleza ndipo suteteza kuwola. Umangowonjezera mphamvu imene mtengo uli nayo kale yotulutsa mizu pabala. N'chifukwa chake anzathu a ku Nkhotakota amangozika mitengo ya chinangwa popanda mankhwala alionse n'kumera, pamene mango sagwira wamba m'njira imeneyi ndipo amafuna kumezanitsa.

Mu Epulo ndinayesanso ndi nambala 2. Ndinadula nthambi zokhwimirako zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 15 mpaka 20, ndi mpeni wakuthwa wotsuka bwino, kudula mmunsi pang'ono mwa mfundo n'kuchotsa masamba akunsi. Ufa ndinkathira pang'ono pachivindikiro m'malo moviika nthambi m'chitini, kukhudzitsa kunsi kokha n'kugwedeza kuti wotsala ugwe. Dzenje ndinkayamba ndaboola ndi kamtengo kuti ufa usapukutike pozika, ndipo m'machubu ndinaika mchenga wa kumtsinje wa Linthipe, pansi pa chisakasa cha udzu, kuthirira pokhapokha pamwamba pakayamba kuuma. Zambiri zinagwira patatha masabata asanu ndi limodzi. Zina 20 zimene ndinazika ufa utanditherera zinagwiranso zingapo, ngakhale zinachedwa ndipo mizu yake inali yochepa, choncho ngati mukufuna zongobzala pakhomo mukhoza kuyamba popanda kugula kanthu. Mukaona masamba atsopano musathamangire kuzula kuti muone, chifukwa nthambi imatha kuphuka isanatulutse mizu; dikirani mpaka timizu toyera tionekere kunsi kwa chubu.