Oyilo wa m'giyabokosi pa njinga ya two-stroke amasinthidwa liti?

Mlangizi wina wa zaulimi, amene amazungulira midzi ya ku Ntchisi pa njinga yamoto ya Yamaha DT 125, wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Oyilo wa 2T ndimawonjezera akangotsika. Koma makaniko wina wandiuza kuti wa m'giyabokosi sasinthidwa pa njinga ya two-stroke. Kodi ndi zoona? Ngati ayi, ndizisintha pakapita nthawi yaitali bwanji?"

Achimwene, makanikoyo wakusokeretsani, ndipo mukamumvera mudzagula kilatchi nthawi isanakwane.

Njinga yanuyo ili ndi oyilo wamitundu iwiri, ndipo awiriwa sakumana. Wa 2T, amene ndi oyilo wa injini ya two-stroke, amakokedwa ndi pampu ija Yamaha amaitcha Autolube, amafewetsa pisitoni ndi mabeyaringi a crankshaft (chitsulo chimene pisitoni imazunguza), kenako amapsa limodzi ndi petulo n'kutuluka ngati utsi. N'chifukwa chake amatha. Wa m'giyabokosi sapsa. Amakhala m'chipinda chakechake momwe muli magiya ndi kilatchi, ndiye poti satsika, anthu amayesa kuti akadali bwino.

Chimene chimamuwononga kwambiri ndi kilatchi. Mapuleti ake amakhala oviikidwa mu oyilo yemweyo, ndipo mukamakwera chitunda kapena kudzichotsa m'matope mutaigwira theka, amapekesana n'kutaya tinyenyeswa. Fyuluta mulibemo. Zonsezo zimangozungulira, kudutsa m'mano a magiya ndi m'mabeyaringi mpaka tsiku limene mudzamasule bawuti ya pansi.

Tsono kangati? A mipikisano amawerengera maola, osati makilomita. Buku la Yamaha YZ250, njinga ya mipikisano ya two-stroke, limati oyiloyu asinthidwe injini yatsopano ikangozolowera, kenako pakatha mipikisano isanu iliyonse, ndipo okwera ambiri sapitirira maola 10 mpaka 15. Inu simuthamanga mpikisano, koma misewu yanu si yatala. Ine ndingati musinthe pa makilomita 2,000 mpaka 3,000 alionse, kapena miyezi itatu ikakwana, chimene chayamba kufika. Ngati mita ya makilomita inafa, lembani tsiku m'kabuku kanu ka ntchito.

M'dzinja kalendala muiiwale. Mukawoloka mtsinje madzi n'kufika pa injini, madziwo amatha kulowa kudzera pa kapaipi kopumira ka giyabokosi. Tsiku lomwelo tsegulani pothirira muone. Oyilo akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, mukhetseni, thirani watsopano, yendani pang'ono, musinthenso. Zimawawa kutaya oyilo kawiri, ndikudziwa, koma madzi akagona m'menemo sabata imodzi mabeyaringi amachita dzimbiri, ndipo kutsegula injini pakati n'kodula kuposa mabotolo awiri.

Pogula, funani oyilo wa njinga zamoto wa 10W-30 kapena 10W-40 wolembedwa JASO MA kapena MA2 kumbuyo kwa botolo. Wa galimoto zazing'ono nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala oterereretsa amene amachititsa kilatchi kuphonya: injini ikulira, njinga osathamanga. Wa 90 wa mu difu ya galimoto ayi, ndipo 2T musamuthiremo. Botolo la lita imodzi limakwana n'kutsalako. YZ250 imamwa pafupifupi malita 0.75, ndipo pa njinga zambiri mlingo wake unadindidwa pachivundikiro cha injini, pafupi ndi pothirira.

Posintha, yendetsani njinga mphindi zisanu kuti oyilo atenthe, muiimike mowongoka, mukhetsere m'chigubu choyera chodulidwa pakati. Muyang'aneni padzuwa. Kafumbi kotuwa konyezimira n'kozolowereka, kamachokera ku kilatchi. Koma mukapeza tizidutswa tachitsulo timene mungatimve pakati pa zala, muli giya kapena beyaringi imene ikudyeka, pitani kwa makaniko wina, osati uja. Bawuti ya pansi musaimange ndi ukali, chifukwa injiniyo ndi ya aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kulala. Oyilo wakaleyo musatayire pansi kapena pafupi ndi chitsime.

Chinanso choti muzichiyang'anira n'chakuti oyiloyu sayenera kutsika. Akamatsika popanda kudontha pansi, njinga n'kumafuka utsi wochuluka kuposa kale ndiponso pulagi n'kumada msanga, kawirikawiri imakhala silo (kalabala kotchinga oyilo kuti asadutse) ya crankshaft ya mbali ya kilatchi yatha, injini ikuyamwa oyilo wa magiya n'kumuwotcha. Pamenepo kuwonjezera sikuthandiza, silo isinthidwe.

Simunandiuze kuti anasinthidwa liti komaliza, ndiye ndikuganiza kuti papita nthawi. Musinthe Loweruka lino, ndipo mundilembere kuti watuluka wooneka bwanji.