Mtsinje ukudya dimba langa, ndichite chiyani?

Bambo wina wa ku Angónia watilembera kuti chaka chilichonse mtsinje ukudya dimba lake la mbatatesi. Anabzala bulugamu m'mphepete, koma mitengoyo inagwera m'madzi pamodzi ndi dothi.

Bambo, gombe limawonongeka kuyambira m'munsi. Kunja kwa pokhota madzi amathamanga n'kumafukula pansi, dothi lapamwamba limatsala lolendewera, ndipo likakhuta mvula limagumuka. Mtengo wolemera pamenepo umangofulumizitsa ngoziyo. Choncho yambani ndi pansi.

Ntchitoyi igwireni madzi ataphwera, pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Semani gombe kuti likhale lotsetsereka: likatalika mita 1, lilowe mamita 2 chakumunda. Mutayapo mizere ingapo, inde, koma mtsinje ukanatenga yoposa pamenepo. Pomwe madzi amalekezera, khomani zikhomo zotalika mita 1, magawo awiri mwa atatu alowe m'nthaka, zotalikirana theka la mita. Kuseri kwake gonekani mitolo ya nthambi yomanga zolimba, yonenepa masentimita 25, nsonga zolowana, ndipo muipsinje ndi miyala. Kumtunda ndi kumunsi mitoloyo ikwiririke ndithu m'gombe, apo ayi madzi adzadutsa kumbuyo n'kuzula zonse.

Pamatope bzalani bango. Pamwamba pake bzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa chitsetso, mizere yotalikirana mita 1, mapando otalikirana masentimita 10 mpaka 15, timbande titatu pa phando. Mizu yake imatha kulowa mamita 3 pansi, koma imafuna miyezi ingapo, ndiye thirirani mpaka mvula ibwere. Vetiva wobzala mu Disembala madzi a Januwale amamupeza asanagwire. Kumbukirani kuti munali mu Januwale 2022 pomwe namondwe Ana anadula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete.

Mitengo ikhale pamtunda, mamita 3 kapena kuposerapo kuchokera m'mphepete: katope, mkuyu, mbawa ndi nsungwi. Vetiva sakonda mthunzi, koma podzafika nthawi yoti mthunzi wa mitengoyi umukute, mizu ya mitengo idzakhala itagwira. Mthunzi womwewo umaziziritsa madzi, ndipo matemba ndi nkhanu zimabisala m'mizu ndi m'bango. Chitsa chogwera m'madzi musachichotse ngati sichikukankhira madzi ku gombe.

Zimene zimapha ntchitoyi kawirikawiri ndi ng'ombe ndi moto. Gwirizanani ndi amfumu komanso eni madimba oyandikana nanu pa malo amodzi omwetsera ziweto, muwayale miyala, ndipo lambulani njira yotchinga moto chilimwe chisanafike.